Itel, Tecno ndi wailesi ya Nzeru: mbiri ya malonda a zamagetsi mu Lilongwe

Ku Area 14 kumada msanga. Ikamakwana 7 koloko madzulo mageti amakhala atatsekedwa kale, misewu ya pakati pa mipanda ili zii, ndipo chomwe chimamveka ndi kuuwa kwa agalu ndi mawu a muulutsi wa mpira ochokera m'kanyumba ka mlonda. Mawuwo amatuluka m'kafoni ka mabatani kolembedwa itel. Mlonda amamvererapo Zodiak kapena MBC usiku wonse, amaunikira nako kumpanda akamva kuti tswaa, ndipo mwezi ukatha malipiro ake amalowa momwemo, iye n'kupatulako ena kutumiza kumudzi ku Mitundu kapena ku Nsundwe asanachoke n'komwe pageti. M'nyumba yaikulu abwana akhoza kukhala ndi iPhone kapena Samsung, koma wantchito wa m'nyumba, wa m'maluwa, dalaivala ndi mwana wa sukulu, ambiri mwa iwo agwira Tecno, Infinix kapena itel yomweyo.

Mayina atatuwa mwini wake ndi mmodzi: kampani ya Transsion, yomwe likulu lake lili mumzinda wa Shenzhen ku China. Mwa anthu amene amagula mafoniwa mu msewu wa Malangalanga, ndi ochepa amene anamvapo dzinali. Mu 2017 kampaniyi inaposa Samsung pa kuchuluka kwa mafoni ogulitsidwa mu Africa, ndipo mu 2023 inagulitsa mafoni pafupifupi 194 miliyoni padziko lonse, n'kutolera ma yuan oposa 62 biliyoni. Kwawo ku China komweko mafoni ake sagulitsa. Chuma chake chinachokera m'matumba a anthu wamba a ku Lagos, ku Nairobi, ku Dar es Salaam ndi kuno ku Lilongwe.

Nzeru imene inaikweza kampaniyi inayesedwapo kale kuno m'nthawi ya atsamunda, ndipo panali nyengo ina pamene Amalawi anali ndi gawo lalikulu pa malondawa kuposa lomwe ali nalo lero.

Mu 1941 boma la Northern Rhodesia linatsegula nyumba youlutsira mawu ku Lusaka kuti lizifalitsa nkhani za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha nyumbayo inakula, n'kuyamba kuulutsira anthu akuda a m'mayiko atatu, Nyasaland ali momwemo, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Koma omvera analibe pomvera. Wailesi za nthawi imeneyo zinali zodula ndi zolemera, ndipo zambiri zinkafuna magetsi a pakhoma. Mkulu wa zofalitsa nkhani kumeneko, Harry Franklin, anazungulira makampani kupempha kuti wina apange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire, koma ambiri anamukana poganiza kuti munthu wakuda sangakwanitse kugula chinthu chotere. Inavomera ndi Ever Ready ya ku Britain, kampani ya mabatire, yomwe inkadziwa kuti wailesi iliyonse yogulidwa idzafuna batire lina mawa. Mu 1949 inatulutsa Saucepan Special, wailesi yozungulira yomwe thupi lake linali la sefuliya yophikira, yopakidwa utoto wabuluu. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake masheleni 25, ndipo timabowo take anatitchinga ndi kansefa kuti tizilombo tisalowe. Anthu anaigula kwambiri, ndipo kudzera mwa iyo mawu a Alick Nkhata, woimba komanso muulutsi wa ku Lusaka, anamveka m'midzi ya ku Chipata mpaka kuno ku Nyasaland.

Kansefa kaja n'kofunika kukakumbukira. Kakusonyeza kuti winawake anakhala pansi n'kuganizira nyumba yofolera ndi udzu momwe wailesiyo ikakhale, osati nyumba ya ku London.

Wailesi zina zinkabwera m'masutikesi a anthu ochokera ku Joni ndi ku Halale. Munthu wopita ku migodi pa Wenela kapena pa Theba akabwerako ndi gumbagumba, mudzi wonse unkadziwa kuti wabwera, ndipo za Supersonic, zopangidwa ku Bulawayo, zinali zotchuka. Koma wailesi yomwe akuluakulu ambiri amaikumbukira mpaka lero inali yopangidwa konkuno. Dziko litalandira ufulu mu 1964, chaka chomwe MBC inakhazikitsidwa, boma la Kamuzu Banda linafuna kuti katundu wina yemwe anthu amamufuna tsiku ndi tsiku azipangidwa m'dziko muno. Kudzera ku Malawi Development Corporation linaika ndalama m'makampani osiyanasiyana, ndipo imodzi inali Nzeru Radio Company ya ku Blantyre. Zipangizo za mkati zinkachokera kunja, koma ozilumikiza, kuziwotcherera ndi kuziyesa anali Amalawi, ndipo dzina la pamwamba pake linali lachichewa.

Pa nthawiyo kunalibe kanema; TVM inadzabwera mu 1999. Nyumba youlutsira mawu inali imodzi yokha, ndipo chilichonse chinkadzera pomwepo: Nkhani za m'Maboma, Zokonda Amayi, Kapalepale, mitengo ya mbewu ku ADMARC, uthenga wa maliro. Mlimi wa ku Kasiya akagulitsa fodya kapena mtedza, wailesi inkakhala pa mndandanda umodzi ndi njinga ndi malata. Ankaisokera kathumba ka nsalu, n'kumayenda nayo kudimba. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa kuti atole mphamvu pang'ono, kapena kumangirira akale angapo ndi mphira n'kulumikiza ndi waya kunja kwa wailesi. Vuto la mphamvu linalipo kuyambira pachiyambi, ndipo ndi lomweli lidzaonekerenso kutsogoloku.

Lilongwe itakhala likulu mu 1975, mzinda watsopano unamangidwa kumpoto: Capital Hill, City Centre, ndi ma Area a nyumba zotalikirana monga 10, 12 ndi 14. Malonda a zinthu za m'nyumba sanasamuke nawo. Anatsala ku Old Town, makamaka kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe, m'masitolo a amwenye a ku Area 2, omwe anachuluka kwambiri boma litalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti amwenye achoke m'madera akumidzi n'kukachitira malonda m'mizinda. Kalaliki wa ku Capital Hill wofuna wailesi ya kaseti ya National Panasonic, Sony kapena Sanyo ankayenera kutsetserekera kumeneko, ndipo mpaka pano munthu wa ku Area 14 foni ikamuvuta amalowera komweko. Boma litamasula malonda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, wailesi zotchipa zochokera kum'mawa kwa Asia zinasefukira m'masitolo ndi m'misewu, ndipo ya Nzeru inazimiririka.

Foni inabwera mochedwa, ndipo inayambira kwa olemera. Lamya ya m'nyumba inali ya maofesi ndi mabanja owerengeka; wofuna kuikitsa ankalembetsa n'kudikira miyezi kapena zaka. TNM inakhazikitsidwa mu 1995, bungwe la boma la makalata ndi lamya litagwirizana ndi Telekom Malaysia, ndipo mu 1999 kunabwera Celtel, yomwe inadzasintha dzina kukhala Zain mu 2008 kenako Airtel mu 2010. M'zaka zoyambazo foni ya m'manja inkapachikidwa pa lamba kuti aliyense aione. Anthu wamba ankaimba pa matelefoni byulo, katebulo pansi pa ambulera kapena kagolosale kapalata, n'kumalipira pa mphindi iliyonse.

Amene anatsitsa foni kufika kwa anthu anali Nokia ya ku Finland. Nokia 3310 inatuluka mu 2000, ndipo 1100 ya mu 2003, yokhala ndi katochi pamutu, inagulidwa yoposa 200 miliyoni padziko lonse. Inkagwa osasweka, batire lake linkakhalitsa. Pambuyo pake makampani a netiweki anabweretsa timafoni totsika mtengo kwambiri tomwe anthu anatipatsa dzina loti Mose wa Lero. Komabe panali vuto limodzi lomwe makampani akuluakulu a mafoni anachedwa kuliona. Kuimba kuchoka pa netiweki ina kupita pa inzake kunali kodula, ndipo dera lina inkagwira ndi imodzi yokha. Choncho munthu ankakhala ndi masimukhadi awiri, wa 088 ndi wa 099. Wina ankakhala m'foni, winayo wokutidwa m'kapepala m'chikwama kapena wobisidwa kuseri kwa batire. Kuti uimbire mlamu wako wa pa netiweki ina, unkazimitsa foni, kutsegula chivindikiro, kuchotsa batire, kusintha, kuyatsanso. Zimenezi zinkachitika m'minibasi iliyonse ya ku Kawale ndi ku Area 25, komanso ku Lagos ndi ku Kampala.

Amene anaona mwayi pa vutoli anali Zhu Zhaojiang, yemwe ochita naye malonda mu Africa amamutcha George Zhu. Iye anagwirapo ntchito ku Ningbo Bird, kampani ya mafoni ya ku China yomwe inatchuka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ntchito yake inali yofunafuna misika kunja. Anayenda mayiko ambirimbiri. Mu 2006 anachoka n'kuyambitsa yake, dzina loyamba la mafoni ake likhala Tecno.

Nthawiyo kupanga foni ku Shenzhen kunali kutaphweka. Kampani ya MediaTek ya ku Taiwan inkagulitsa ubongo wa foni wathunthu, ndi mapulogalamu ake omwe, moti gulu la anthu ochepa linkatha kugula zipangizo pa msika waukulu wa Huaqiangbei, kuzilumikiza, n'kumata dzina lililonse. Mafoni ambiri otere anafika kuno, ena olembedwa mayina obera a Nokia, ofuula kwambiri koma ofa pakatha miyezi iwiri, ndipo ndi omwe anaipitsa mbiri ya katundu wa ku China m'makutu mwa Amalawi. Zhu anasankha njira ina. Mu 2008 kampani yake inaganiza zoika mphamvu zake zonse pa Africa, kuyambira ku Nigeria, pogwiritsa ntchito dzina lakelake lomwe munthu angalidalire n'kubweranso kudzagula kachiwiri. Kwa Malawi nthawi inagwirizana: mu December 2007 boma la Bingu wa Mutharika linathetsa ubale ndi Taiwan n'kupanga ubale ndi China, ndipo maulendo a amalonda ndi katundu pakati pa mayiko awiriwa anachuluka.

Chida choyamba cha Tecno chinali foni yolowa masimukhadi awiri nthawi imodzi. Kenako inatulutsanso yolowa anayi. Kwa munthu wa ku Ulaya chimenechi chinali chinthu chopanda pake. Kwa mayi wogulitsa tomato pa msika wa Lizulu, yemwe alimi ake ali pa netiweki ina ndipo oodetsa ake ali pa inzake, inali ndalama yotsala m'thumba tsiku lililonse.

Chachiwiri chinali batire. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse m'Malawi, pafupifupi 11 okha ndi omwe ankaunikira magetsi. Ngakhale okhala nawowo sankawadalira. Mu 2017 madzi atachepa m'nyanja ya Malawi ndi mu Shire, magetsi ankathima maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu, ndipo ku Area 14 ndi ku Area 47 usiku kunkangomveka majenereta. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi 130 megawati kwa nthawi yoposa chaka. M'dziko lotere foni yotha masiku angapo osatchaja imadzitsatsa yokha. Kumudzi, komwe kutchajitsa kumafuna kuyenda mtunda kupita pa tiledingi senta ndi kulipira pa shopu ya sola kapena pa ometa tsitsi, kusiyana kwake kumawerengeka m'makwacha. Powonjezera apo anaika tochi yowala, sipikala yomveka ngakhale pakati pa phokoso la depoti, polowetsa memore khadi ya nyimbo zoikitsa kwa obena, ndi wailesi ya FM yomwe pa mitundu yambiri ya itel imagwira popanda mahedifoni.

Chachitatu, chomwe kampaniyi imachinyadira kwambiri, ndi kamera. Makamera a mafoni ambiri anakonzedwa poyesera pa nkhope zoyera, moti munthu wakuda akajambulidwa madzulo kapena kumbuyo kwake kukakhala kowala, pachithunzi pankangooneka maso ndi mano. Akatswiri a Transsion anasonkhanitsa zithunzi zambiri za anthu akuda n'kukonza kamera kuti izitulutsa nkhope bwinobwino. Nkhaniyi ena amaiona ngati yaing'ono, koma munthu yemwe anajambulitsapo pa ukwati wa m'bale wake n'kupeza kuti sakuzindikirika amadziwa kuti imakhudza ulemu wa munthu. Anaikamonso zilankhulo monga Chiamhariki, Chihausa ndi Chiswahili pa nthawi yomwe ena sankaziwerengera.

Nokia inalephera kusintha pamene mafoni a tachi anafika, ndipo mu 2014 gawo lake la mafoni linapita m'manja mwa Microsoft. Mpata womwe inasiya pa mafoni a mabatani unatengedwa kwambiri ndi itel. Pa nthawi yomweyo foni inasiya kukhala yoimbira chabe. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo posakhalitsa timabenchi ta maejenti tinadzaza m'mbali mwa misewu, kuyambira pa Bwalo la Njobvu mpaka pa zipata za maofesi a ku City Centre. Kalembera wa 2018 uja anapezanso kuti pafupifupi theka la mabanja anali ndi foni ya m'manja, pamene okhala ndi wailesi anali banja limodzi mwa atatu. Omvera sanachepe ayi. Ambiri anangosamukira pa wailesi ya m'foni.

Kayendetsedwe ka malonda a Transsion n'kosavuta kukamvetsa. Phindu pa foni imodzi ndi lochepa, koma mafoniwo ndi ochuluka zedi. Makasitomala anawagawa patatu: itel ya woyamba kumene ndi wa ndalama zochepa, Tecno ya wapakatikati, ndi Infinix, yomwe inayamba mu 2013, ya achinyamata okonda intaneti ndi masewera. Munthu akamakwera kuchoka pa ina kupita pa inzake amaganiza kuti wasintha kampani, chonsecho ndalama yake ikupita thumba lomwelo. M'malo mothira ndalama zambiri pa kanema, poyamba anapenta makoma ndi kupereka zikwangwani kwa eni mashopu ang'onoang'ono, ndipo n'chifukwa chake m'misewu ya malonda mumaoneka mtundu wabuluu wa Tecno ndi wofiira wa itel. Mu 2009 anatsegula Carlcare, nthambi yokonza mafoni awo, pofuna kuthetsa mbiri ija yoti za ku China zikafa zafa. Kenako anawonjezera Oraimo ya matchaja, mahedifoni ndi mapawabanki, Syinix ya makanema ndi zipangizo za m'nyumba, ndi Boomplay yomverera nyimbo, yomwe inayambira ku Nigeria mu 2015. Mu 2016 Tecno inapanga mgwirizano ndi timu ya Manchester City, podziwa kuchuluka kwa anthu omwe amadzaza m'mavidiyo sho Loweruka masana. Mu September 2019 Transsion inalowa pa msika wa masheya ku Shanghai, ndipo mu 2022 inayamba kugulitsa makompyuta a m'manja a Megabook.

Mbiriyi ili ndi mbali yake yoipa, ndipo siyenera kubisidwa. Mu 2020 akatswiri a zachitetezo cha pa intaneti anaulula kuti mafoni masauzande ambiri a mtundu wa Tecno W2, ogulitsidwa m'mayiko monga Ethiopia, Ghana, Cameroon ndi South Africa, anali ndi pulogalamu yobisika yomwe inkadya bandulo ndi kuyesa kulembetsa eni ake ku zinthu zolipira iwo osadziwa. Kampaniyo inati vutolo linachokera kwa mmodzi mwa oipatsa zipangizo, ndipo inatulutsa njira yolichotsera. Kupatula apo, mafoni ake a tachi amabwera ndi mapulogalamu ambiri oikiratu komanso zotsatsa malonda zomwe mwini foni sanapemphe. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi, chilichonse chodya deta iye osafuna chikumubera ndiwo za madzulo. Wosauka amagula foniyo motchipa pa kauntala, kenako n'kumalipira pang'onopang'ono m'njira zomwe saziona.

Tsono pa ndalama zonsezi, Malawi amatsala ndi chiyani?

Foni iliyonse yogulitsidwa ku Old Town inagulidwa ndi ndalama zakunja. Zina zimabwera kudzera kwa oimira makampani, zina m'zikwama za amalonda opita ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ku Johannesburg, ku Dubai ndi ku Guangzhou, n'kulowera pa Songwe, pa Dedza, pa Mchinji kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu. Dziko lomwe limapeza madola ake ambiri pa fodya limaperekanso ena mwa iwo pogula chida chomwe mlimi wa fodyayo amamverapo mitengo ya ku okushoni ku Kanengo. Kwacha ikagwa, wogulitsa mafoni amamva tsiku lomwelo. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi inafika pa K1,700 ku banki, ndipo amalonda ambiri osowa madola ku banki ankawagula modula kuposa apo pa msika wa mseri. Mitengo yolembedwa pa timapepala ta m'magalasi inayamba kusintha sabata ndi sabata. Apa ndi pomwe mafoni a ngongole anayamba kufala: munthu amapereka ndalama yoyamba, n'kumabweza pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo akadumphitsa, foniyo imadzitseka yokha mpaka alipire.

Mitengo ikakwera chonchi, munthu sataya foni. Amapita nayo kwa okonza, ndipo kumeneko ndi komwe luso la Amalawi pa malondawa latsalira. Mavenda atachotsedwa m'misewu mu April 2006, ambiri analowa m'misika monga wa Tsoka m'mbali mwa mtsinje, ena n'kupanga lendi kakona m'khonde la sitolo. Malo a wokonza mafoni sakula: tebulo limodzi, galasi kutsogolo, nyale yopindika, kachipangizo kouzira mpweya wotentha, chowotcherera, timasikuludiraiva, botolo la sipiliti ndi mswachi wakale. Pansi pa tebulo pamakhala katoni ya mafoni akufa, omwe ndi nkhokwe yake ya masipeya.

Kasitomala akafika, mawu amakhala omwewo. "Achimwene, yangosiya kutchaja." Kapena, "Inagwera m'madzi dzulo ndikuchapa." Mnyamata amatsegula chivindikiro ndi chikhadabo, n'kukhudzitsa batire pa lilime kuti amve ngati lili ndi moyo. Akapeza kuti vuto ndi polowetsa tchaja, amauzira mpweya wotentha mpaka kachitsulo kaja katafewa, kukachotsa ndi kopanira, n'kumatapo kena kochokera m'katoni. Ya m'madzi amaitsuka ndi sipiliti ndi mswachi, kuiumitsa, kuiyesa. Ya tachi yosweka sikirini amayamba wafunsa: "Mayi, tiike ya orijino kapena yotchipa?" Mafoni a Tecno ndi itel amawakonda chifukwa masipeya ake sasowa ndipo mitundu yambiri imafanana mkati. Ambiri mwa anyamatawa anaphunzira pokhala pambali pa mnzawo miyezi ingapo, zotsalazo n'kumaonera pa YouTube. Ntchito yomwe manja awo akugwira, yolumikiza ndi kuwotcherera tizipangizo tochokera kunja, ndi yomweyo yomwe inkagwiridwa ku Nzeru Radio Company. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kunali fakitale ndi malipiro a pamwezi, pamene kuno munthu amadalira amene wabwera tsikulo, ndipo magetsi akathima ntchito yaima.

Ena amafunsa chifukwa chomwe Malawi sangakhalirenso ndi fakitale yakeyake. Transsion ili nayo ina mu Africa: inaitsegula ku Addis Ababa mu 2011. Koma Ethiopia ili ndi anthu oposa 100 miliyoni, ndipo boma la kumeneko linakonza misonkho yake mokomera wobweretsa zipangizo zodzalumikiza konko kusiyana ndi wobweretsa foni yathunthu. Ena omwe anayesa okha zinawavuta. Mara Phones inatsegula mafakitale ku Kigali ndi ku Durban mu 2019 ndi chimkokomo chachikulu, koma pofika 2022 ya ku Durban inali itatsekedwa. Dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni, lopanda doko, losowa madola ndi magetsi okhazikika, silingapikisane ndi Shenzhen pa mtengo wa foni yatsopano, ndipo kulonjeza achinyamata zimenezo kungakhale kuwanamiza.

Chomwe chili chotheka ndi kulemekeza ntchito yomwe ilipo kale. Foni yokonzedwa ku Tsoka n'kukhala chaka china ndi madola omwe sanatuluke m'dziko. Okonzawa akufunika malo odalirika okhala ndi magetsi m'misika ya khonsolo, njira yoti luso lawo liyesedwe n'kupatsidwa satifiketi ngati ya mmisiri wina aliyense, ndi msonkho wopepuka pa masikirini, mabatire ndi zida zogwirira ntchito. Pakufunikanso polandirira mabatire otupa ndi mafoni akufa, omwe pakadali pano ambiri amathera m'dzala kapena m'ngalande zolowera mu mtsinje wa Lilongwe. Ndipo kampani yomwe yapeza msika waukulu chonchi m'dziko muno, boma lili ndi chifukwa chokwanira choipempha kuti iphunzitse amisiri akonkuno ndi kuwagulitsa masipeya enieni pa mtengo woti iwonso apezepo kangachepe.